Lilongwe mpaka London kudzera ku Addis Ababa: mmene Ethiopian Airlines inatinyamulira

Ndinaphunzitsa jogalafe zaka 31 ndisanapume. Pa sukulu yomaliza imene ndinagwirako, kwathu ku Dedza, tinali ndi gulobu imodzi yokha, yosupuka penti cha ku South America chifukwa cha zala za ana. Pophunzitsa za kutalika kwa malo ndinkamasula ulusi wa thumba la feteleza, n'kuitana mwana mmodzi kuti atsindike nsonga pa Lilongwe, wina akoke ulusiwo mpaka pa London, kenako tonse n'kukauyeza pa ikweta. Yankho linkabwera lomwelo chaka ndi chaka: makilomita pafupifupi 8,000. Popeza kuzungulira dziko lonse ndi makilomita ngati 40,000, ndiye kuti ulendowu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mimba ya dziko lapansi. Anawo ndinkawauza kuti zili ngati kuyenda msewu wa Lilongwe ndi Blantyre maulendo 25 osapumira.

Kumapeto kwa Novembala ine ndi mayi a kunyumba tinauyenda tokha mtunda umenewu, kupita kukaona mdzukulu wathu woyamba. Mwana wathu wamkazi ndi namwino ku Reading, kumadzulo kwa London. Ndikulemba izi chifukwa anzathu ambiri a msinkhu wathu ali ndi ana kunjaku, aitanidwa kambirimbiri, koma akuopa ulendo. Ena andiimbira kale kufunsa kuti tinayenda ndi kampani iti ndipo zinali bwanji.

Choyamba kudziwa ndi chakuti panopa palibe ndege yochoka ku Malawi kulunjika ku Ulaya. Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inali ndi ndege ya mtundu wa VC10 imene inkafika ku London, koma zimenezo zinapita kalekale. Lero uyenera kusintha ndege penapake, ndipo makomo odziwika ndi atatu: Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Nditapita ku ofesi ina yogulitsa matikiti mu Lilongwe, mnyamata amene ndinamupeza anandiuza kuti njira zonsezi n'chimodzimodzi, ndingoyang'ana mtengo basi. Zimenezi zinandikhumudwitsa, chifukwa si zoona, ndipo munthu wa ntchito imeneyo ayenera kudziwa bwino kuposa ine. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi makilomita ngati 1,500 kulowera kummwera, kufulatira kumene ukupita. Kuchoka kumeneko kukafika ku London ndi makilomita opitirira pang'ono 9,000. Kuphatikiza ndi 10,500. Njira ya ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600 gawo loyamba ndi 5,900 gawo lachiwiri, pamodzi 8,500. Kusiyana kwake ndi makilomita 2,000, kuposa kutalika kwa dziko lonse la Malawi kuwirikiza kawiri. Kwa mnyamata wa mawondo abwino mwina si kanthu. Kwa mayi amene ali ndi shuga komanso bondo lotupa, maola awiri owonjezera pampando si nkhani yaing'ono.

Kunena chilungamo, njira ya ku Nairobi ndiyo yaifupi kuposa zonse, makilomita ngati 8,300. Ife tinatenga ya ku Addis chifukwa masiku ake anagwirizana ndi tchuthi cha mwana wathu, ndiponso chifukwa anzake ambiri a ku Malawi amene amagwira nawo ntchito amadzera komweko. Tikiti anagula yekha pa intaneti ali konko, n'kutitumizira pa WhatsApp. Pogula anapemphatu zinthu ziwiri zimene ndikulangiza aliyense woyenda ndi munthu wamkulu: njinga yoyendetsera amayi ake m'mabwalo a ndege, ndi chakudya cha odwala shuga. Zonsezi sizinatilipiritse ndalama yapadera, ndipo zonse zinachitika monga anapemphera.

Tinanyamuka ku Dedza dzuwa lisanatuluke, ngakhale ndege inali ya masana. Mng'ono wanga anatiperekeza pa galimoto mpaka ku bwalo la Kamuzu, ku Lumbadzi. Tikiti yathu inkalola masutikesi awiri aliyense, makilogalamu 23 iliyonse, ndipo usiku wathunthu mayi anali akupakira ndi kupakula, ine ndikuyeza pa sikelo yobwereka kwa ogula mbatata. Zovala zathu zinakwana mu sutikesi imodzi. Zitatu zinazo munali ufa woyera, mpunga wa Kilombero, usipa wouma, chambo chowamba, mabotolo a Nali okulungidwa m'zitenje, ndi kabulangeti koluka pamanja ka mwana. Nyama yowamba imene apongozi anatipatsa tinaisiya, chifukwa malamulo a ku Britain salola nyama kapena za mkaka zochokera kumaiko ngati kwathu. Nsomba zouma kapena zowamba amalola, mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi. Mayi wa pa kauntala anayeza, anamata mapepala olembedwa LHR, chizindikiro cha bwalo la ndege la Heathrow ku London, n'kutiuza momveka kuti katundu tikamuonera ku London, ku Addis tisavutike kumufunafuna. Anatipatsiratu makhadi okwerera ndege zonse ziwiri. Anayankhula nafe m'Chichewa, modekha, ndipo anabwereza kawiri poona kuti mayi ali ndi nkhawa.

Ethiopian si mlendo kwathu ku Malawi. Ili ndi magawo 49 pa 100 aliwonse mu Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014, ndipo boma lathu lili ndi 51. Ethiopian ndi kampani yakale ndithu: inayamba maulendo mu 1946, ulendo woyamba unali wa ku Cairo, nthawi imene maiko ambiri a mu Africa anali asanadzilamulire.

Ndege yoyamba inali Boeing 737, mipando itatu uku itatu uko. Ndinapempha mpando wa kuzenera la kumanja, ndipo ndinali ndi chifukwa. Ukachoka ku Lilongwe kuloza kumpoto chakummawa, nyanja imagwera dzanja lamanja. Patangopita mphindi zochepa inaoneka. Ndaiona nyanja ya Malawi ku Salima ndi ku Mangochi kangapo, ndaijambula pa bolodi ndi choko mwina kokwana chikwi, koma ndinali ndisanaione ndi magombe onse awiri nthawi imodzi, lathu pansi pa phiko ndi la kutsidya lili buluu chapatali, mapiri akutsetserekera m'madzi mbali zonse. Pamenepo mpamene munthu amamvetsa mawu akuti chigwa chong'ambika. Dziko linatsegukadi pakamwa, madzi n'kudzazamo. Ndinawagwedeza mayi kuti aone. Anayang'ana kamodzi, n'kubwezera maso pa mpando wa kutsogolo, dzanja lili gwa pa mkono wanga.

"Abambo, inu onani. Ine mundiuza tikafika."

Mtsikana wina wogwira ntchito m'ndegemo anaona mmene analili. Anagwada pambali pa mpando, anawapatsa madzi, n'kuwaonetsa kuti akamameza malovu makutu atseguka. Sanachite mothamanga ngakhale anali ndi anthu ena ambiri oti awatumikire. Chakudya chawo chinabwera choyambirira, thireyi yolembedwa nambala ya mpando: nkhuku yopanda mafuta, masamba, ndi zipatso m'malo mwa keke. Changa chinali mpunga ndi nyama, chotentha bwino. Khofi wake ndi wamphamvu. Dziko la Ethiopia ndi kwawo kwa khofi, ndipo amamupereka ngati anthu onyadira chinthu chawo.

Phiri la Kilimanjaro ndinalidikira kwambiri, pakuti nalonso limagwera kumanja, koma mwezi wa Novembala ndi nyengo ya mvula kumeneko ndipo mitambo inaphimba dziko lonse. Ikweta tinaidutsa tili pamwamba pa Kenya. Palibe analengeza, palibe chinagwedezeka. Ine ndinangowerengera ndi wotchi, n'kuwauza mayi kuti tsopano tachoka ku theka la kummwera kwa dziko kumene tinabadwira. Anandifunsa ngati nyenyezi zikhale zomwezo. Ndinati zina zikhala, zina ayi, ndipo mtanda wa kummwera umene timauona ku Dedza ku London suoneka.

Tinatera pa bwalo la Bole, ku Addis Ababa, kutada, patatha maola osakwana anayi. Nthawi ya ku Ethiopia ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Apa ndiye pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa anthu akamaopa ulendowu amaopa za m'mwamba, pamene chovuta chenicheni kwa munthu wamkulu ndi kusintha ndege pa bwalo lachilendo usiku, pakati pa anthu zikwizikwi a zinenero zosiyana. Madzulo ndege zochokera mbali zonse za Africa zimakumana pa Bole, ndipo pakati pa usiku zimabalalika kupita ku Ulaya, ku Asia ndi ku America. Umaona amayi a ku West Africa atavala nduwira zikuluzikulu, amalonda opita ku China, ansembe, asilikali, ana asukulu. Tikanakhala tokha tikanasokonezeka. Koma pakhomo pa ndege tinapeza mnyamata ali ndi njinga ija, dzina la mayi lili pa pepala. Anawakhazika, anaika chikwama chawo pamiyendo, n'kutitsogolera m'makhonde aatali mpaka pamalo ofufuzira katundu. Pamenepo amafufuzanso ngakhale unafufuzidwa kale ku Lumbadzi: lamba, nsapato, wotchi, zonse m'beseni. Mankhwala a mayi anali m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya adokotala, ndipo atangoona kalatayo anatilola kudutsa. Musaike mankhwala mu sutikesi yaikulu. Simudzaionanso mpaka m'mawa.

Mnyamatayo atatisiya pamalo okhala, ndinaona kuti wotchi yake ikuloza 2 koloko pamene ya pakhoma ikuti 8. Ndinamufunsa ngati yafa. Anandifotokozera mwaulemu kuti kwawo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, n'kuyambiranso likalowa, choncho 8 koloko usiku kwa iwo ndi ola lachiwiri. Anthu a Chiswahili amawerenganso motero. Kalendala yawonso ndi yawoyawo, ya miyezi 13, ndipo zaka zawo zili m'mbuyo mwa zathu ndi 7 kapena 8. Koma anatitsimikizira kuti nthawi ya pa tikiti ndi ya pa zikwangwani ndi imene tonse timaidziwa. Analonjeza kubwera 11 koloko kudzatitenga, ndipo anafika isanakwane. Ndinaphunzira kwa iye mawu amodzi a Chiamhariki, ameseginalehu, kutanthauza zikomo, ndipo ndinawagwiritsa ntchito usiku wonse.

Konzekerani kuzizira. Bwalo la Bole lili pamtunda wa mamita oposa 2,300, kutanthauza kuti ukakhala pa benchi pamenepo uli pamwamba kuposa munthu amene waima pansonga pa phiri la Dedza. Ife tinachoka ku Lilongwe kukutentha kwa m'Novembala kuja mvula isanakhazikike, ndipo majuzi ochindikala tinawaika m'masutikesi poganiza kuti adzafunika ku London kokha. Chinatipulumutsa ndi chitenje cha mayi, chimene tinafunda awiri. Tinadikira maola opitirira asanu. Malo odyera alipo, ndipo ndinalawa injera, chakudya chawo chofanana ndi chikondamoyo chopyapyala, chowawasa ngati thobwa logonera, chopangidwa ndi ufa wa mbewu yaing'ono kwambiri yotchedwa teff. Mitengo imalembedwanso mu madola, choncho ndi bwino kukhala ndi madola ochepa kapena khadi. Kwacha sagwira ntchito kumeneko. Intaneti yaulere inagwira mokwanira kuti titumize uthenga ku Reading ndi kumudzi.

Ndege yachiwiri inali Airbus A350, yaikulu moti poyamba mayi anaganiza kuti tikadali m'nyumba. Mipando ndi 9 pa mzere, itatu itatu itatu. Oyenda pa njinga amakwera choyamba, choncho tinakhala pansi mosapanikizana. Pa mpando uliwonse panali bulangeti, pilo ndi zomvera m'makutu, ndipo kutsogolo kwa aliyense kuli kanema wakewake. Anthu anasankha mafilimu. Ine ndinatsegula mapu ndipo sindinawatseke mpaka ku London.

Mapu amenewa ndiwo anandipatsa chinthu chimene ndakhala ndikuchiganizira chifikireni. Tinanyamuka 1 koloko itadutsa. Ulusi wolunjika wochoka ku Addis kupita ku London umadzera pamwamba pa Sudan, koma chiyambireni nkhondo mu Epulo 2023 ndege zimalambalala dzikolo. Kandege ka pa kanema kanakhotera cha ku Nyanja Yofiira, kanatsata nyanjayo kulowera kumpoto, kenako Egypt. Ndiye kuti makilomita amene tinayendadi anaposa 5,900 aja a pa gulobu. Ola linatha, lachiwiri, lachitatu, tikadali m'mphepete mwa Africa. Ndinawerengera mumtima. Lilongwe ili pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta, London pa 51 ndi theka kumpoto, kusiyana kwake madigiri 65 ndi kanthu, ndipo digiri imodzi ndi makilomita 111. Gombe la Egypt la ku Mediterranean lili pa madigiri 31. Ndiye kuti mwa madigiri 65 amenewo, 45 ndi a Africa yekha. Timati tikupita ku Ulaya, koma magawo awiri mwa atatu a kukwera kwathu kumpoto tinali pa kontinenti yathu yomwe. Greece, Italy, mapiri a Alps ndi France zinadutsa mofulumira ngati maboma a m'mbali mwa msewu.

Mapu a pakhoma amene ana athu amaphunzirira m'kalasi amanama pa nkhani imeneyi. Amatambasula maiko a kufupi ndi nsonga za dziko, moti Greenland amaoneka wofanana kukula ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza 14. Ndinkanena zimenezi m'kalasi, koma ndikanakonda sukulu iliyonse ikanakhala ndi gulobu m'malo mwa chipepala chija. Mwana amene amakula akuona kwawo kutachepetsedwa pa khoma amayamba kukhulupirira kuti ndi mmene kulili.

Kanema ankaonetsanso kuti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 12,000, kuwirikiza kanayi nsonga ya Sapitwa, tikuthamanga makilomita ngati 900 pa ola, kunja kukuzizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro. M'katimo munali bata. Ndegeyi ilibe phokoso lambiri, moti mayi, amene anachita mantha masana, anagona maola anayi mutu uli pa phewa langa. Chakudya chinabwera kawiri, china titangonyamuka, china chakum'mawa, ndipo cha mayi chinabwera ndi chizindikiro chake monga poyamba. Pakati pa usiku ndinapita kumbuyo kukawongola miyendo, ndipo anyamata ndi atsikana a m'ndegemo anandithira tiyi ndisanapemphe. Zimbudzi zinali zaukhondo mpaka kumapeto, chinthu chimene mayi anachiyamikira kwambiri kuposa china chilichonse.

Maola 8 pampando ndi maola 8 ndithu, palibe kampani ingawafupikitse. Mapazi a mayi anatupa moti nsapato zinavuta kulowa potsika. Valani nsapato zomasuka, imwani madzi pafupipafupi, ndipo dzukani muyendeko ngakhale kufika kuchimbudzi n'kubwerera. Amene ali ndi vuto la mtima kapena la magazi akaonane ndi adokotala asananyamuke. Ndikanasankhanso, ndikanawapatsa mayi mpando wa kukanjira ulendo wausikuwu, chifukwa kuzenera kulibe choona kupatula mdima ndi timagetsi.

Tinayandikira London kuchokera kummawa, 6 koloko itadutsa, kunja kuli bii. Nthawi yozizira dzuwa kuno limatuluka cha m'ma 8 n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndipo nthawi yawo imakhala m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri. Pansi panali magetsi osatha, ndi mzere wakuda wokhotakhota pakati pake, umene ndi mtsinje wa Thames. Penapake pamenepo tinadutsa mzere wa Greenwich, digiri ya ziro, pakuti bwalo la Heathrow lili kumadzulo kwake pang'ono. Dzulo masana tinali kummwera ndi kummawa kwa dziko, m'mawa uno tinali kumpoto ndi kumadzulo. Mizere iwiri ikuluikulu imene ndinkailemba ndi choko chofiira tinaidumpha yonse pa maola 18.

Ethiopian imatera pa Terminal 2. Njinga inali ikudikira pakhomo ngati ku Addis. Wa zolowa ndi zotuluka anatifunsa kumene tikakhale, masiku amene tikhale, ndi tikiti yobwererera, zimene tinali nazo zonse pa mapepala osindikiza mu envulopu imodzi. Masutikesi anayi onse anatuluka, osang'ambika, ndipo palibe botolo la Nali linasweka. Potuluka pali makomo awiri, lobiriwira la amene alibe chonena ndi lofiira la amene ali ndi katundu wofuna kuonetsa. Ine ndinapita ku lofiira. Safunsa anadya phula. Ndinanena za nsomba, anatsegula sutikesi imodzi, fungo la usipa n'kudzaza chipinda, anayang'ana, anafunsa ngati muli nyama kapena mkaka, n'kutiuza kuti tizipita.

Panja mwana wathu anali ataima kutsogolo kwenikweni kwa chitsulo, khanda lili pachifuwa m'kansalu. Mkamwini anagwira majekete awiri aakulu. Mwana wathuyo sanathe kudikira kuti tizungulire, anangofuula pakati pa azungu onsewo kuti, "Amayi! Ababa! Ndili kuno!" Mayi anatsika pa njinga isanaime bwino. Mkamwini anawerama, anatipatsa moni ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Takulandirani apongozi, valani kaye izi, kunja si kwabwino." Madzulo a tsiku lomwelo tinadya nsima ya ufa wa ku Dedza ndi usipa wotendera.

Kwa amene andifunsa, yankho langa ndi lakuti inde, yendani nayo Ethiopian, makamaka ngati muli ndi munthu wamkulu kapena wodwala. Chimene ndikuiyamikira kwambiri si kukula kwa ndege kapena chakudya, koma kuti zimene mwana wathu anapempha pa kompyuta ali ku Reading zinadziwika ku Lumbadzi, zinadziwika ku Bole, zinadziwikanso ku Heathrow, popanda ife kukumbutsa munthu. Pogula tikiti yang'anitsitsani maola odikira ku Addis. Akachepa kwambiri mudzathamanga, ndipo kwa ife asanu aja anali abwino ngakhale kunazizira.

Tibwerera mu Febuluwale. Ulendo wa ku Addis udzakhala wausiku, koma wochoka ku Addis kupita ku Lilongwe ndi wam'mawa, ndipo mwezi umenewo kumpoto kwa Tanzania mvula imakhala itadukiza. Polowera kummwera Kilimanjaro adzakhala kumanzere. Mwana wathu wandisungira kale mpando wa kuzenera la mbali imeneyo, kutsogolo kwa phiko, ndipo mayi avomera kuti ulendo uno ayang'ana nawo.